M'bulu wa M'mawa ndi Botolo Lopendama

9 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Musanawerenge kalata ino sambani m'manja, mukhale pampando uja timasungira alendo, nkhuku muziuze zikhale chete. Amene akulemba pano si munthu wamba ayi. Ndine Woweruza Wamkulu wa Mabotolo Opendama. M'fakitale muno mabwana ali ndi maofesi ndi mataye, koma palibe juwisi amene amakwera galimoto asanadutse pamaso panga.

Tsopano moni. Mwadzuka bwanji ndi bondo lija? Nanga ana ndi zidzukulu? Kuno ine ndili bwino, kungoti pali kanthu kakang'ono kamene ndinena kumunsi, muyambe mwapuma.

Kokweza makatoni kuja anandichotsako. Iwo akuti ndakalamba, ine ndikuti andikweza. Pano ndimakhala pakampando kopanda choyedzamira, m'mbali mwa lamba amene amayendetsa mabotolo. Makina amamata chipepala pa botolo lililonse, ndiye ntchito yanga ndi kuchotsa amene chipepala chake chapendama n'kuwaika m'kireti yofiira. Mabotolo a m'kireti imeneyi sagulitsidwa. Timagawana antchito m'mawa mwake, m'chipinda chosinthira zovala, belu lisanalire. Tsiku limene makina amata bwino kwambiri, anzanga amandiyang'ana ndi maso a ana amasiye. Ndiye ndimangopendeketsa mutu pang'ono, botolo n'kuoneka lopendama. Lamulo silinanene kuti chopendamacho chikhale chiti, botolo kapena mutu.

Kanthu kaja ndi aka. Lolemba anesi a pano, amene timawatcha a Sindiseka chifukwa mano awo palibe anawaonapo, anatimanga kansalu kopopa pamkono tonsefe. Kwa ine makina analemba 178 pamwamba, 104 pansi. Ndinati, "Anesi, kusukulu malikisi ochuluka chonchi sindinawapezepo." Iwo anangoti, "Agogo, iyi ndi bipi." Andipatsa m'bulu umodzi m'mawa uliwonse. Pa 30 Epulo adzatiyezanso, ndipo amene manambala ake sanatsike sadzaloledwanso kukhala pafupi ndi lamba, poti chaka chatha munthu wina anagwerapo. Wochotsedwa pa lambayo amangomupatsa tikiti ya basi yobwerera kumudzi. Ine ndatsala ndi kufika Disembala yekha kuti ndikwanitse zaka zanga makumi awiri, ndituluke pakhomo la kutsogolo chipewa chili kumutu. Musade nkhawa.

Anenanso kuti munthu wa bipi azilandira kalata ya mkazi wake sabata iliyonse, tsamba lodzaza, osati timizere titatu ta maliro ndi kukwera kwa sopo. Si ine, ndi achipatala. Adalaivala a thiraki amene akupatseni kalatayi amanyamuka kumeneko Lachisanu lililonse.

Sowo yanga musabwereke munthu, makamaka mwamuna wa mlongo wanga.

Ndine mwamuna wanu yemwe uja, wina kulibe.


2 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni. Makalata anu awiri afika, ndipo ndawamwa monga analamulira achipatala, ina m'mawa ina madzulo. Ndamva kuti bondo likumavuta kukachita mitambo. Musamanyamule ndowa yodzaza, tungani theka kawiri, palibe amene akukuthamangitsani.

Mwafunsa ngati mankhwala ndikumwadi. Mayi, zaka zonsezi simundidziwa? Kapena mwafunsa chifukwa choti mumandidziwa. Chabwino. Ndikumwa, ndiponso ndikumwa mwachifumu.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene timamutcha Chigubu chifukwa cha mimba yake, nayenso ali pa m'bulu womwewu, bokosi lake lofanana ndi langa, la mzere wobiriwira. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa. Anati, "Mdala, madzi ndi a abakha. Zipatso ndi mankhwala kale, ukaphatikiza ndi m'bulu ndiye kuti wamwa kawiri." Choncho m'bulu ndimautenga m'thumba la malaya, tikangogawana kireti, m'bulu pakamwa, juwisi wa maapozi pambuyo, botolo lonse mpaka kudontheza. Akasowa wa maapozi timatenga wa malalanje. Timagundanitsa mabotolo ngati anthu a paukwati. Palibe tsiku limene ndaphonya.

Chodabwitsa n'chakuti manambala a Chigubu atsika ngati mtengo wa tomato nthawi yokolola. Anga angosuntha pang'ono, ngati mlendo amene waima pakhomo koma sakutsanzika: 172. A Sindiseka anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndizimwa mibulu iwiri.

Masana kumbuyo kwa khosi kumalemera, koma ndi kampando kaja kopanda choyedzamira. Za achimwene anga mwalembazo ndawerenga. Ndikudziwa kuti anali a zaka zanga zomwezi pamene dzanja ndi mwendo zinawafera tsiku limodzi. Za bambo anga ndikudziwanso. Musalembenso zimenezo, mukutha tsamba langa.

Kandalama kamene ndapinda m'kati mwa kalatayi mugulire mahinjesi a chitseko cha kukhitchini chisanagwere munthu.

Ndine wanu, wakumwa mwachifumu.


16 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ine ndadzuka. Ndakondwa kuti chitseko chakhala bwino, koma zoti anakonza ndi mwamuna wa mlongo wanga zandichititsa mantha. Kayang'aneni sowo.

Lamlungu lapitali mwamuna wanu anatchuka kutchalitchi. Titaimirira kuti tiyimbe nyimbo yachiwiri, ndinaona pansi pakukwera kudzandipatsa moni. Nditatsegula maso, amayi atatu akundikupiza ndi mabuku a nyimbo, ndipo mkulu wa mpingo akuti, "Musamugwire, Mzimu wamutsikira." Ndinati, "Abambo, ngati ndi Mzimu ndiye wayambira kumiyendo." Musachite mantha, benchi ndi limene linavulala.

Aka n'kachiwiri chizungulire kundipeza Lamlungu. Ndaganiza bwino ndipo ndapeza chifukwa chake. Lamlungu ndi tsiku laumphawi kwa ife, fakitale imatseka, kireti palibe, ndiye mibulu yanga iwiri ndimamwera madzi a pampopi ngati bakha. Thupi langa lazolowera zaufumu, madzi likuwakana.

Lachitatu anesi anandiyezanso: 170. Anatseka chitseko, n'kukhala moyang'anana nane.

"Agogo, mibulu mukuitaya kuti?"

"M'mimba, anesi."

"Ya ndani?"

"Yanga. Ya Chigubu inadzaza kale."

"Mnzanuyo akumwa umodzi, watsika. Inu iwiri, palibe chosintha. Makina sanama."

"Ndiye wonama ndine?"

"Si inu munamata chipepala cha juwisi kumsana kwa akapitawo, cholembedwa kuti gwedezani musanatsegule?"

"Chimenecho ndinamata."

"Si inu munauza alonda kuti bwana wamkulu ndi mdzukulu wanu?"

Mayi, zimenezonso ndinachitadi. Wamisala anaona nkhondo, koma anthu anati ndi misala yake. Zaka zonsezi ndakhala ndikuseketsa anthu, lero ndanena zoona kamodzi kokha, palibe wondikhulupirira. Za kutchalitchi zija sindinawauze. Ndinaopa kuti tikiti ibwera msanga.

Kalata ya sabata ino inali yaifupi. Mukuchepetsa mlingo wa mankhwala popanda chilolezo.

Ndine wanu, amene Mzimu unamuyambira kumiyendo.


30 Malichi

Mayi,

Moni. Ndili moyo.

Lero ndilemba pang'ono. Pa khadi langa anesi alemba kuti samwa mankhwala. Ndinawerenga ndekha chozondoka, khadilo lili patebulo lawo. Akapitawo ayamba kubweretsa bambo wina wa kokweza makatoni kuti aziima kumbuyo kwanga. Akuti azingoonerera. Ine ndinabadwa kale, ndimadziwa munthu amene akuyeza mpando ndi maso.

Ndikumakumbukira mmene tinawatsitsira achimwene m'basi, anthu anayi, mmodzi kumwendo uliwonse ndi kumkono uliwonse, chipewa chawo chili m'manja mwanu. Ine sindikufuna kutero. Ndikufuna nditsike ndekha, ndikupezeni pakhonde, ndikunamizeni kuti ndanenepa.

Anesi alamula kuti kuyambira mawa ndizipita kuchipinda chawo sikisi koloko, ndizimeza iwo akuona, ngati mwana wa sikelo. Nthawi imeneyo ndi ya kireti. Chigubu wati botolo langa azindisungira mpaka nthawi ya chakudya chamasana, poti pa lamba salola kumwa kanthu. Kusungitsa Chigubu botolo kuli ngati kusungitsa fisi mbuzi, koma nditani.

Ana musawauze. Lembani.

Ndine wanu.


13 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni wambiri! Bondo lili bwanji? Masamba atatu amene munalemba aja ndinawerenga mpaka m'mbali momwe munakhotetsa mizere. Simunandiuzepo kale kuti tsiku limene ndinabwera kudzakufunsirani munandiona nditagwa panjinga kuseri kwa mpanda. Zaka makumi anayi mukusunga zimenezo! Ndiye amati wanthabwala ndine.

Tamverani zodabwitsa. Masiku khumi ndakhala ndikumeza pamaso pa a Sindiseka, ndi kakapu ka madzi a pampopi pawo. Ndikameza amati, "Yasamulani." Ndiyasamula. "Kwezani lilime." Ndikweza. Ndinawauza kuti ngakhale mkazi wanga sanandiyang'anepo m'kamwa chonchi. Sanaseke.

Tsiku lachiwiri chizungulire cha kutchalitchi chija chinandipeza pa lamba, Lachitatu lenileni. Ndinagwira kireti. Anesi atandigwira pamkono anati mtima ukuyenda pang'onopang'ono ngati ngolo, mibulu iwiri yandichulukira, ndibwerere pa umodzi. Pa umodzi womwewo, tsiku lachisanu ndi chiwiri makina analemba 138 pamwamba, 86 pansi. Ndinawapempha ayezenso, mwina makina andisokoneza ndi munthu wina. Anayezanso. Chimodzimodzi.

Ndinasangalala mpaka ndinapatsa moni bambo woyeza mpando uja. Koma anesi anati, "Mwaona, agogo? Mukamwa, amagwira. Ndiye kale lija munkatani?" Mawu amenewo anandilasa. Munthu wachira, komanso wapezeka wolakwa pa mlandu umene sanapalamule.

Anati tsopano ndakula, ndizimwa ndekha. Ndabwerera kwa Chigubu ndi kireti yathu, tikugundanitsanso mabotolo. Atsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Yambani kuganiza za mtundu wa penti wa pakhonde, Disembala ndidzapaka ndekha.

Ndine wanu, wa 138.


24 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni. Khalani pansi, koma pampando wamba, nkhaniyi ilibe ulemu.

Sabata imodzi yokha ndikumwa ndekha, manambala anakweranso: 168. Anesi sanakalipe. Anangotenga cholembera n'kunena kuti, "Agogo, ine ndayesetsa." Pamenepo mtima unandipsa. Ndinati, "Anesi, mawa ndibwera ndi mboni, ndidzamwe pamaso panu mmene ndimamwera ndikakhala ndekha. Mukaona ndataya, tikitiyo ndidzagula ndekha."

M'mawa mwake ndinalowa ndi Chigubu. Ndinatulutsa m'bulu m'thumba la malaya, kuuonetsa kumanja ndi kumanzere ngati wamatsenga, kuuika palilime. Kenako ndinapisa m'ovolosi n'kutulutsa botolo langa lopendama.

"Imani! Chimenecho n'chiyani?"

Ndinayankha m'bulu uli palilime, "Wa maapozi."

"Masiku onsewa mumamwera chimenechi?"

"Botolo lonse, anesi. Kupatula Lamlungu ndi masiku amene ndinkabwera kuno."

"Nanga Lamlungu mumamva bwanji?"

Pamenepo ndinaulula za benchi lija. Anakhala pansi, anagwira pakamwa. Anandipatsa kakapu ka madzi, n'kutiuza kuti tibwerenso Lachinayi, tsiku limene adokotala amabwera ku fakitale.

Adokotalawo ndi mayi wamng'ono thupi, wa magalasi. Anajambula papepala, ndiye ndikuuzani mmene ndinamvera ine wa sitandade sikisi. Akuti m'matumbo muli timakomo timene m'bulu umalowera kuti ukafike m'magazi. Juwisi wa maapozi, wa malalanje ndi wa manyumwa ali ndi tinthu timene timatsekereza timakomoto, ngati anthu odzazana pakhomo la basi. M'bulu umaima panja ndi katundu wake, malo osaupeza, mapeto ake umangopitirira ndi msewu mpaka kuchimbudzi. Lamlungu pakhomo pamakhala popanda anthu, mibulu iwiri imalowa yonse nthawi imodzi, n'chifukwa chake pansi pankakwera.

Ndinatembenukira kwa anesi n'kunena kuti, "Munanena zoona, ndimataya. Kungoti ndimadzera njira yaitali." Milomo yawo inagwedezeka pang'ono, koma anaigwira.

Chigubu anati, "Nanga ine bwanji? Ndimamwa mabotolo awiri." Adokotala anati timakomoto sitifanana anthu onse. Timatengera kwa makolo, monga mphuno ndi dazi. Ena juwisi amawatsekera kwambiri, ena pang'ono. Za kumtundu kwanga sanandiyeze, akuti makina ake ali kutali, ndiye anangoti mwina ndi zimenezo. Ine ndinati za Chigubu n'zosachita kuyeza, khomo lake ndi la tchalitchi. Naye amuuza kuti asiye, asadalire mwayi. Anenanso kuti si mankhwala onse amene amatero. Alipo ena a bipi amene manyumwa amawalowetsa mopyola muyezo, munthu n'kugwa. Choncho lamulo ndi limodzi: m'bulu ndi madzi, juwisi adikire papite maola anayi, ndipo za manyumwa uyambe wafunsa. Safunsa anadya phula, ine ndinamwa la maapozi.

Anesi anafufuta mawu aja pa khadi ine ndikuona. Anati, "Agogo, pepani. Ndinafunsa ngati mukumwa, sindinafunse kuti mukumwera chiyani."

Tsopano ntchito yanu ndi iyi, musazengereze. Mlongo wanga ali ndi mphuno yanga yomweyi, ndipo munandiuza kuti naye anamuyambitsa mibulu ya bipi. Kuseri kwa nyumba yake kuli mtengo wa malalanje, ndipo ndikumudziwa, amafinya m'kapu m'mawa uliwonse. Pitani mawa lomwe. Asasiye mankhwala, koma azimwera madzi, ndipo atenge bokosi lake apite nalo kuchipatala akafunse. Akakana, muuzeni kuti mlongo wake anagwetsa benchi.

Pali funso limene likundizungulira m'mutu: kodi achimwene aja ankamwera chiyani? Musandiyankhe. Palibe angadziwe tsopano.

Atsala masiku asanu ndi limodzi. Ndasanduka bakha.

Ndine wanu.


11 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni, moni, moni. Uthenga umene Chigubu anatumiza pafoni ya mwana wathu wamkulu munaulandira, koma foni imadya mawu, ndiye imvani zonse.

Pa 30 paja tinafola pakhonde la anesi, amuna akuluakulu chete ngati ana odikira mayeso. Itafika nthawi yanga, kansalu kanafufuma, kanafinya, kanaphwa. Ndinatseka maso. Anesi anati, "134 pamwamba, 84 pansi." Akapitawo anali pakhomo ndi pepala lawo, anangolemba kanthu n'kuchoka. Bambo woyeza mpando uja wabwerera ku makatoni, ndipo ndamulonjeza kuti Disembala ndidzamusiyira kampandoko pamodzi ndi luso lopendeketsa mutu. Khosi lapepuka. Botolo langa ndimamwa masana, ndipo likukoma kuposa kale. M'chipinda chosinthira zovala anesi amata chipepala chonena za madzi ndi mibulu. Anachimata chopendama, koma ndachikhululukira.

Ndathokoza kuti munapita kwa mlongo wanga tsiku lomwelo, ndi bondo lanulo. Zoti anayamba wakana, akuti malalanje a mtengo wake si a fakitale, ndi iyeyo ndithu. Bola anapita kuchipatala ndi bokosi lake ndipo tsopano akumwera madzi. Sowo ija, poti mwaulula kuti ili kwa mwamuna wake, ikhale konko mpaka ndibwere. Penti wobiriwira ndavomera.

Tsopano pali mlandu. M'kalata yanu munaikamo kapepala kena komata, kolembedwa pamwamba kuti kwa anesi. Ndinakasunga masiku atatu m'thumba, kakunditentha. Kenako ndinati mwamuna amafa kamodzi, ndinakapereka. Anawerenga mokweza: "Zikomo anesi polamula kuti ndizilembera bambo kalata sabata iliyonse. Kodi tsopano poti achira, ndipitirize kapena mlingo wakwana?"

Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga. Mayi, a Sindiseka anaseka! Anaseka mpaka kugwira tebulo, misozi mbwee, alonda anabwera kudzasuzumira. Mano ali nawo, onse, abwinobwino.

Ndiye ndivomere ndekha musanamve kwa ena. Zonse zimene ndalemba m'makalata awa ndi zoona, benchi, timakomo, manambala. Koma zoti achipatala analamula makalata ndinapeka ndine. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulandira makalata atatu pachaka, ndipo tsiku limene makina analemba 178 ndinachita mantha, ndinafuna mawu anu pafupi. Kupempha ndinachita manyazi, kunama ndiye ntchito yanga.

Mukhoza kukalipa, koma mukalipe papepala, tsamba lodzaza. Adalaivala anyamuka Lachisanu.

Ndine mwamuna wanu, amene adzatsika basi yekha.